Akati “mukateteza kwanu kokha,” funsani kuti kwanuko kukulekezera pati

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914, boma la atsamunda ku Zomba linapezeka lili chimanjamanja. Linali ndi bataliyoni imodzi yokha ya Keyala (King's African Rifles), ndipo pafupifupi theka la asilikali ake linali kutali ku Jubaland, kumwera kwa Somalia ya lero, kukamenya nkhondo ina imene munthu wa ku Domasi kapena ku Ntcheu sankaidziwa n'komwe. Pamenepo Ajeremani anali tsidya la Songwe pomwepa. Amithenga anathamanga m'midzi kukaitana amuna amene anali atapuma usilikali kuti abwerere adzavalenso yunifolomu. Azungu a m'minda, m'masitolo ndi m'maofesi, amene anali ndi gulu lawolawo la Nyasaland Volunteer Reserve, nawonso anatola mfuti. Onsewa anakwezedwa sitima za panyanja kupita ku Karonga motsogozedwa ndi Kaputeni Barton, ndipo pa 9 Sepitembala anakumana ndi adani.

Gulu losonkhanitsidwa mothamangali linapambana. Ajeremani anataya ambiri mwa atsogoleri awo ndi mizinga iwiri, nabwerera tsidya, ndipo sanalowenso m'dziko muno ndi gulu lalikulu. Aliyense wofuna kunena kuti nkhondo ikafika basi timangoliza lipenga, amuna a m'dera n'kutuluka kudzateteza kwawo, ali ndi Karonga woti aloze. Koma amene anapulumutsa Karonga sanali anyamata otoledwa m'misika sabata yomweyo. Anali akadaulo odziwa pelete, odziwa kumasula ndi kumanga mfuti, ena atamenyako nkhondo ku Somaliland ndi ku Ashanti zaka zam'mbuyo. Zimene zinachitika boma litayamba kufuna amuna ambiri kuposa akadaulo amene linali nawo ndiyo mbali ya nkhaniyi imene tiyenera kuiwerenga mofatsa.

Ganizo langa n'lakuti dziko limafunikadi asilikali a rizevu, amene amakhala kwawo n'kumalima kapena kugwira ntchito zina koma ali okonzeka kuitanidwa. Koma bataliyoni yotere ikayamba kumangidwa mfuti zikulira kale, imamangidwa pa lonjezo limene palibe boma limene linalisungapo: kuti mukupita mwa kufuna kwanu, mukateteza kwanu kokha, ndipo mubwerako posachedwa. Zitatu zonsezi zimasweka, ndipo wolipira amakhala mudzi umene unapereka ana ake.

Tiyambire pa chisankho cha 1911. Pofuna kupulumutsa ndalama, Angerezi anathetsa bataliyoni yachiwiri ya Keyala, imene inkalemba amuna a dziko lino. Asilikali ophunzitsidwa bwino anauzidwa kuti azipita kwawo. Ambiri sanakhale kwawoko. Anawoloka Songwe n'kukalembedwa usilikali kwa Ajeremani ku Neu Langenburg, kumene lero timati Tukuyu, chifukwa kumeneko malipiro anali abwinopo. Patangotha zaka zitatu, ena mwa amuna amene boma la ku Zomba linawaphunzitsa ndi ndalama zake anali mbali inayo ya malire, mfuti zitaloza kuno. Mu 1916 bataliyoni yomwe ija inayambitsidwanso, mothamanga. Munthu wodziwa mfuti sasiya kuidziwa chifukwa mwamuchotsa pa mndandanda wa malipiro. Mukamutaya, wina amutola.

Anthu ambiri akamva zoti boma likulemba bataliyoni yatsopano amaganiza za mfuti ndi nsapato. Zimenezo zimagulidwa. Chosagulika ndi masajeni ndi makopolo. Bataliyoni ya asilikali oyenda pansi imakhala ndi amuna mazana angapo, nthawi zina kufika 1,000, ogawidwa m'makampani ndi m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo kagulu kalikonse kamadalira munthu mmodzi wodziwa nthawi yogona pansi, nthawi yodzuka, pokumba dzenje, ndi momwe angagwirire mnyamata amene mantha amulowa m'mawondo. Mnyamata watsopano mutha kumuphunzitsa kuwombera pa miyezi yochepa. Sajeni amapsa pa zaka. Keyala yonse, kuphatikizapo ya ku Kenya ndi Uganda, inali ndi mabataliyoni 3 nkhondo ikuyamba, koma pofika 1918 inali ndi 22. Kuti zimenezi zitheke, akadaulo ochepa aja ankagawidwa ngati mchere, pang'ono apa pang'ono apo, ndipo atsogoleri ambiri achizungu amene anabwera nawo sankatha kulankhula ndi anthu awo. Amene analipira kusadziwa kumeneko ndi anyamata atsopano aja.

Poyamba kulemba kunkayenda mokoma. Bandi ya Keyala inkadutsa m'midzi, malipenga akulira, ng'oma zikugunda, asilikali atavala zipewa zawo zofiira. Kwa mnyamata amene msonkho wa nyumba unkamusowetsa tulo, kapena amene thangata linamutopetsa m'minda ya azungu ku Chiradzulu ndi ku Thyolo, yunifolomu ndi malipiro a pamwezi zinali zokopa. Kukopa kwake tikukuonabe mpaka lero m'magule athu: malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, beni wa ku Mangochi, mganda wa m'chigawo chapakati, onsewa ali ndi pelete wa msilikali mkati mwake. Koma odzipereka amatha msanga, makamaka ovulala akayamba kubwerako n'kumasimba zimene aona. Akatha, boma silinena kuti basi, nkhondo ithere pomwepa. Limatembenukira kwa mafumu.

Apa mpamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mpamene ganizo la bataliyoni ya m'dera limaonekera mkati mwake. Lamulo la 1912 linali litaika kale mafumu ena pansi pa bwana DC ngati manja a boma. Nkhondo itafika, mfumu inkangouzidwa chiwerengero: tikufuna amuna akutiakuti pofika tsiku lakuti. Mfumu yokana inkaika ufumu wake pachiswe. Ndiye taganizani, inu muli mfumu, mwauzidwa kuti mupereke amuna khumi. Mupereka mphwanu amene adzalowe ufumu? Mupereka mwana wa nduna yanu? Ayi. Mupereka mkamwini wobwera, mwana wamasiye, munthu amene munakangana naye za malire a munda, ndi uja alibe womulankhulira pabwalo. Pa pepala la ku boma onsewa alembedwa kuti anadzipereka. Amuna atazindikira zimenezi anayamba kugona kuthengo ndi kumapiri, ena kumanda kumene mlendo saloledwa kufika. Olemba anthu nawo anasintha njira: kubwera usiku, ndiponso kugwira akazi mpaka amuna awo atatulukira. Chimene chimachititsa kuti kulemba anthu kudzera kwa atsogoleri a m'dera kuziyenda mwachangu n'chakuti mtsogoleriyo amadziwa khomo lililonse. Chomwecho ndicho chimachititsanso kuti pasakhale kothawira kwa munthu wopanda mphamvu.

Ndipo kumbuyo kwa bataliyoni iliyonse kunali gulu lina lalikulu kwambiri limene silinkaguba pa pelete: amtengatenga. Kudera kumene nkhondoyi inkamenyedwa kunalibe misewu ya galimoto yokwanira, ndipo ng'ombe, abulu ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Katundu ankachokera kunyanja yamchere, kukwera Zambezi, kukwera njanji mpaka ku Blantyre, kudutsa ku Zomba kukafika ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, n'kukwera sitima mpaka kumpoto kwa nyanja. Ngakhale sitima ya amishoni, Chauncy Maples, inatengedwa kuti izinyamula asilikali. Kuchokera pagombe, zonse zinkayenda pamutu pa munthu: ufa, mpunga, zipolopolo, mahema, zida za chiwaya. Masamu ake ndi owawa. Munthu wosenza makilogalamu 25 a chakudya, ngati iye mwini akudya kilogalamu imodzi patsiku, ulendo wa masiku 12 kupita ndi 12 kubwerera amakhala wadya pafupifupi katundu wake yense. Choncho asilikali a Jenerale Northey, mkulu wa ankhondo a Angerezi kuderali, akamapita patsogolo, pankafunika osenza chakudya cha osenza chakudya, ndipo njira yachidule yochepetsera vutoli inali kuchepetsa phoso la wosenzayo.

Akatswiri a mbiri yakale amati dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, pamene anthu onse m'dzikomo anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ndiye kuti pa msilikali mmodzi aliyense panali amuna ena khumi ochotsedwa pamudzi, ambiri mokakamizidwa. M'nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa, amtengatenga a mbali ya Angerezi amene anafa akuyerekezedwa kukhala pafupifupi 95,000, ambiri osati ndi chipolopolo koma ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Kumudzi minda inatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba, pamene boma linkafunanso chimanga ndi mpunga womwewo kuti lidyetse ankhondo. Obwerako kumapeto kwa 1918 anafika pamodzi ndi chimfine choopsa chija chimene chinasesa midzi. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza lokha kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo Aafirika a kum'mawa kuno ndi a ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Munthu akamawerengera mtengo wa bataliyoni n'kumangotchula amuna ovala yunifolomu, wasiya mbali yaikulu ya ngongoleyo.

Mbusa John Chilembwe anaziona izi zisanafike poipa. Mu Novembala 1914, miyezi iwiri chichitikire nkhondo ya ku Karonga, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, ndipo boma linathamangira kuitsekereza. Mfundo yake inali yosavuta kumva: ngati nkhondoyi ndi ya olemera, eni masitolo, eni minda ndi eni mabanki, apite okha akawomberedwe, m'malo moitana amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye pa mlandu umene si wawo. Timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse ndipo nkhope yake timayenda nayo m'thumba, koma funso lake la amene amapita ndi amene amatsala sitilifunsa kawirikawiri. Onaninso chimene chinachitika ataukira pa 23 Januwale 1915. Azungu a rizevu aja ndi asilikali a Keyala, amene anasonkhanitsidwa kuti alimbane ndi Ajeremani, anatembenuzidwira ku Mbombwe, kumene kunali mishoni ya Chilembwe. Gulu likangopangidwa, amene amasankha koloza mfuti si mudzi umene unapereka anthu.

Nanga za kuteteza kwanu kokha? Amuna a dziko lino anathamangitsa mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, kudutsa Tanganyika, kulowa naye ku Mozambique kumapeto kwa 1917, mpaka kumpoto kwa Zambia kumene anakagonjera ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918. Pa nkhondo yachiwiri mtunda unatalikanso. Anamenya ku Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, mu 1940, n'chifukwa chake balaki ya ku Mzuzu ili ndi dzina limenelo. Anamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar, ndipo mu 1944 anali m'matope a chigwa cha Kabaw ku Burma, akulimbana ndi Ajapani. Wina anganene kuti amenewo anali atsamunda, ndipo atsamunda analibe chifukwa chosungira lonjezo kwa anthu akuda. N'zoona. Koma taonani dziko lodzilamulira, lomenyera moyo wake weniweni.

Ukraine inali ndi lamulo latsopano la magulu oteteza madera, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Russia italowa pa 24 Febuluwale, anthu oposa 100,000 anakhamukira kukalembetsa pa masabata ochepa: aphunzitsi, oyendetsa mathiraki, ogulitsa m'masitolo, ambiri akumva kuti azikalondera milatho ndi misewu ya m'chigawo chawo. Ndipo anathandizadi, makamaka pozungulira Kyiv, Sumy ndi Chernihiv. Koma pofika Meyi chaka chomwecho aphungu anasintha lamulo kuti maguluwa azitumizidwa kunja kwa madera awo. Amuna a kumadzulo kwa dzikolo, ophunzitsidwa pang'ono, okhala ndi zida zopepuka, anapezeka m'maenje a ku Donbas, kum'mawa kwa dzikolo, mizinga ikuwagwera, akazi awo kumudzi akuchita ziwonetsero. Sindikuwaweruza akuluakulu a ku Kyiv. Mkulu wa asilikali amene mzere wake ukung'ambika kum'mawa sangasiye amuna zikwizikwi onyamula mfuti akulondera mlatho umene palibe akuuwopseza. Nkhondo imakoka munthu aliyense wa mfuti kupita kumene kwatentha. N'chifukwa chake lonjezo la “kwanu kokha” ndi bodza ngakhale wolinenayo akulinena ndi mtima woona, ndipo kuli bwino kuwauza anthu zoona asanasaine.

Pali vuto linanso limene Angerezi analiphunzira pa ana awo omwe. Mu 1914 analimbikitsa amuna a tauni imodzi, fakitale imodzi, ngakhale timu imodzi ya mpira, kuti alembetse pamodzi, powalonjeza kuti akamenya limodzi ndi anzawo. Njirayi inadzaza mabataliyoni mofulumira modabwitsa. Ku Accrington ndi matauni oyandikana nawo ku Lancashire, meya anasonkhanitsa amuna oposa 1,000 pa masiku khumi. Pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme ku France, pafupifupi 700 a iwo anatuluka m'maenje kulunjika mudzi wa Serre. Pasanathe ola, 235 anali atafa ndipo 350 atavulala. Maliro amene akanamwazikana dziko lonse anagwera misewu yowerengeka ya tauni imodzi m'mawa umodzi. Dziko la Britain silinabwerezenso njira imeneyi. Tsopano ikani zimenezi m'dera la mfumu yaikulu imodzi kwathu kuno, kumene amuna a kampani imodzi ndi apachibale, alamu ndi azisuweni, olima madimba oyandikana. Tsiku limodzi loipa likhoza kuchotsa m'badwo wathunthu wa amuna pamudzi.

Otsutsana nane ali ndi mfundo, ndipo si zopepuka. Munthu wa m'dera amadziwa njira zachidule, madooko a mitsinje, chilankhulo, ndi nkhope ya mlendo. Amalimba mtima chifukwa kumbuyo kwake kuli amayi ake. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene zigawenga zinayamba kuukira mu Okutobala 2017, magulu a m'midzi otsogozedwa ndi akale a nkhondo ya ufulu, amene amatchedwa Força Local, anateteza madera ozungulira Mueda pa nthawi imene asilikali a boma ochokera kutali ankavutika. Ndipo ife tikudziwa kuopsa kwa msilikali wachilendo. Pa 3 Malichi 1959 ku Nkhata Bay, amene anawombera khamu la anthu padooko, abale a anthuwo ali omangidwa m'sitima ya Mpasa, anali azungu a Royal Rhodesia Regiment ochokera ku Southern Rhodesia. Lipoti la Devlin, la komishoni imene Angerezi anatuma kudzafufuza, linawerenga anthu 20 ophedwa pamenepo, eni dera amawerenga oposa apo. N'kovuta kukhulupirira kuti mwana wa ku Chintheche akanakoka chowombera mosavuta chotero. Zonsezi ndikuzivomera. Koma zikutsimikiza kuti anthu a m'dera ndi ofunika, osati kuti azisonkhanitsidwa mothamanga ndi aliyense amene ali ndi mphamvu tsiku limenelo. Ngakhale ku Mozambique komweko, boma linaona kuti silingasiye magulu aja akuyenda okha, ndipo linawakhazikitsira lamulo lowaika pansi pa akuluakulu a asilikali.

Pakuti funso lotsiriza pa gulu lililonse la mfuti ndi lakuti limamvera ndani, ndipo adzalilanda mfutizo ndani nkhondo ikatha. Apa Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa ndi alendo. Apayoniya anayamba mu 1963 ndi nkhope yabwino: achinyamata ophunzira ulimi, mwambo ndi kukonda dziko, okhala ndi mabesi m'maboma ambiri. Pasanapite nthawi anali ndi mfuti, ndi chitetezo cha lamulo choti wapolisi sangawamange wamba, ndipo ankamvera chipani, osati akuluakulu a asilikali. Zinatengera kuphedwa kwa asilikali ku Mzuzu ndi Operation Bwezani mu Disembala 1993 kuti alandidwe zida, ena n'kuthawira nazo ku Mozambique. Ku Sudan, magulu a m'dera amene boma la Omar al-Bashir linawapatsa zida ku Darfur anasandulika Rapid Support Forces mu 2013, ndipo kuyambira Epulo 2023 akhala akumenyana ndi asilikali a dziko lomwelo. Ku Burkina Faso lamulo la 2020 linalola kuti anthu wamba aphunzitsidwe masabata awiri okha n'kupatsidwa mfuti, ndipo malipoti a kuphana pakati pa mitundu akhala akutsatira maguluwo. Walira mvula walira matope.

Wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife amene sitinamenyepo nkhondo ndi dziko loyandikana nalo chilandirire ufulu. Zikutikhudza chifukwa asilikali athu ndi ochepa, ndipo timawatuma zambiri. Analondera njanji ya ku Nacala nkhondo ya ku Mozambique ili mkati. Akhala ku Congo zaka zambiri, kumene tinataya asilikali 6 mu Novembala 2018, mmodzi wa iwo Chancy Chitete amene United Nations inamulemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima, ndipo tinatayanso ena mu Januwale 2025. Namondwe Freddy atagwetsa mapiri mu Malichi 2023, ndi asilikali amene ankafukula anthu m'matope ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Zikanati zichitike ziwiri nthawi imodzi, bataliyoni ili kunja, malire n'kutentha, tikanapezeka pamene boma la ku Zomba linapezeka mu 1914. Ndipo tsiku limenelo sipadzasowa wandale woimirira pa nsanja kunena kuti anyamata a boma lakuti ndi olimba mtima, apatseni mfuti. Anyamatawo adzabweradi. Aliyense amene anaonapo khamu limene limasonkhana pabwalo la masewero asilikali akamalemba ntchito, achinyamata a satifiketi ya Fomu 4 m'manja akulimbirana malo owerengeka, akudziwa kuti sitidzasowa odzipereka. Koma munthu amene wadzipereka chifukwa kunyumba kulibe ufa, kufuna kwake n'kwa theka, ndipo funso la Chilembwe lija limabweranso pomwepo.

Ndiye rizevu imangidwe tsopano, kuli bata, ndipo msana wake ukhale asilikali opuma ndi amene anamaliza nthawi yawo ali ndi mphamvu. Amenewa ndiwo masajeni ndi makopolo osagulika aja, ndipo pakali pano ambiri akulondera mageti a makampani pa malipiro ochititsa manyazi. Aziitanidwa masabata angapo pachaka, nthawi yachilimwe osati ya dzinja, kukakumbutsidwa ntchito ku Salima kapena ku balaki yapafupi, n'kumalandira kenakake kooneka. Achinyamata ofuna kulowa alembedwe ndi asilikali eni ake, poyera, ndi mayeso ndi madokotala omwewo amene amaona msilikali wina aliyense. Mfumu ichitire umboni kuti mwanayu ndi wa m'mudzi mwake, basi, isapatsidwe chiwerengero choti ikwaniritse, ndipo gavanala wa chipani asayandikire n'komwe pa tebulopo. Mfuti zizigona ku balaki.

Chovuta kwambiri, chimene ndikudziwa kuti akuluakulu a asilikali sangachikonde, ndi pepala limene munthu wa rizevu azisaina. Linene mosabisa kuti nkhondo ikavuta akhoza kutumizidwa kulikonse m'dziko muno, kuti kumutulutsa kunja kwa malire kufunika chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, kuti adzakhala miyezi ingati asanapatsidwe mpata wobwerera, kuti ntchito yake idzamudikira, ndiponso kuti akafa kapena kulumala banja lake lidzalandira zingati, kudzera mu ofesi iti, pasanathe nthawi yotani. Chipukutamisozi chomwecho chikhudzenso woyendetsa lole, wophika, wopalasa bwato ndi wosenza katundu amene boma lidzawagwiritse ntchito, chifukwa amtengatenga a masiku ano adzakhalapo ndithu ngakhale adzatchedwe dzina lina. Pa ntchito za m'dera monga kusefukira kwa madzi, kulondera milatho ndi nkhokwe za mafuta, anthu a boma limodzi azigwira limodzi, pakuti mpamene kudziwa dera kumapindula. Koma akamapita kumene kukuphedwa anthu, asakanizidwe, wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa m'kagulu kamodzi, monga momwe asilikali athu a nthawi zonse amakhalira kale. Mgwirizano wa apachibale utayikako pang'ono, inde. Ndi mtengo woyenera kulipira kuti za ku Accrington zisadzachitike ku Ntaja kapena ku Ekwendeni.

Ndalama zake zichokera kuti, pamene zipatala zilibe mankhwala? Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo mwina yankho lake n'lakuti tiyambe ndi kampani imodzi m'chigawo chilichonse osati mabataliyoni. Koma gawo loyamba silifuna bajeti ya nkhondo. Komiti ya aphungu yoona za chitetezo iitanitse kaundula wa asilikali onse amene anatuluka ntchito zaka khumi zapitazi: alipo angati, ali m'maboma ati, ali ndi zaka zingati, anaphunzira ntchito yanji, ndipo penshoni yawo ikuwafika kapena ayi. Bungwe la asilikali akale la VELOM likhoza kuthandiza kuwapeza. Imeneyo ndi ntchito ya makalaliki ochepa ndi kompyuta, ndipo aphunguwo akaulandira kaundulayo ayambire kuwerenga mzere wa penshoni, chifukwa munthu amene boma lili naye ngongole ya zaka zitatu sadzathamanga likadzamuitananso.